Mnyamata Wodziwa Kufa

Filimu itatha anthu onse anatuluka, koma mnyamata mmodzi anatsala pa mpando wa kutsogolo, akugwetsa mutu chammbali ngati nkhuku yachitopa. Akaudzutsa, n'kuugwetsanso.

Holoyo inali yakale, ya mipando yolira, ndipo masana inkaonetsa mafilimu amakedzana aja akuda ndi oyera. Mtsikana wogulitsa matikiti ndi amenenso ankasesamo. Anzake pantchito ankamutcha Namafunso, chifukwa sakanatha kudutsa chinthu osachifunsa. Akamudzudzula, ankangoti safunsa anadya phula.

"Pepani achimwene, mukudwala?" anafunsa, tsache lili m'manja.

"Ayi achemwali, ndikufa."

"Ndiye mukafere panja, ine ndikufuna kusesa."

Mnyamatayo anaseka mpaka mpando unalira. "Koma mwaona mmene msilikali uja wafera? Bondo limodzi pansi, maso kumwamba, kenako phii! Wosewera ameneyu anali katswiri. Iye mwini anamwalira kalekale, koma anthu akumulirirabe imfa yabodzayi."

"Wapuma mpweya ameneyo."

"Mwati?"

"Atafa kale, batani la malaya ake lakwera n'kutsika. Ine ndimaonera filimuyi nditaima pakhomo apo. Komanso anthu safa choncho."

"Mukudziwa bwanji?"

"Ndinaonapo," anatero Namafunso, n'kuyamba kusesa.

Mnyamatayo anasiya kuseka. Anamuyang'ana nthawi yaitali, ndipo mtsikanayo anaganiza kuti ndi diresi lake latsopano lija. Tonsefe tikanaganiza chomwecho!

Mawa lake anabweranso. Anati iye ndi wosewera m'mafilimu, ndipo anzake amamutcha Malemu, chifukwa sanafikepo kumapeto kwa filimu ali moyo.

"Ndinaomberedwapo mfuti, ndinagwapo pa mlatho, ndinamwetsedwapo poizoni ndi mlamu wanga. Amayi anga anasiya kuonera, akuti atopa n'kundilira."

Apa ndiye anamukanda Namafunso poyabwa.

"Nanga mukafa mumaganiza chiyani?"

"Nthawi zambiri nkhomaliro."

"Ntchentche ikakuterani pamphuno?"

"Umapirira. Maliro sathamangitsa ntchentche."

"Chikakugwirani chifuwa?"

"Umameza, n'kupemphera kuti wokulirayo alire mokweza."

Kuyambira pamenepo Malemu sanaphonye. Matikiti akatha, awiriwo ankakhala pa mipando ya kumbuyo n'kumaweruza imfa za akatswiri akale. Mfumukazi ina inafa itagwira kapu osataya ndi dontho lomwe, ndipo Namafunso anati limenelo ndi bodza lamkunkhuniza. Woyendetsa sitima wina analankhula kwa nthawi yaitali chipolopolo chili pachifuwa, ndipo awiriwo anagwirizana kuti ameneyo anafa ndi ludzu basi. Koma panali mayi wina wokalamba amene anangosiya kuluka, ulusi n'kugubuduzika pansi. Ameneyo sanamuseke.

"Inu" uja anatha osatsanzika, n'kulowa "iwe". Mauthenga pafoni anayamba kugwa ngati mvula.

"Maso anga, lero ndafa m'mawa, koma nditakukumbukira ndauka."

"Duwa langa, imfa zanga zonse n'zabodza. Choona n'chimodzi, ndiwe."

Pakamwa pa mnyamatayu panali uchi, ndipo Namafunso ankawerenga mauthengawo mobwereza mpaka kubweza chenje cholakwika. Ndani akanamudzudzula? Chimwalirireni bambo ake, palibe amene anamusekesapo chonchi.

Tsiku lina ataweruka, mvula inawatsekera pa siteji ya basi. Anakhala pa benchi mothithikana, madzi akudontha kuchokera pa malata.

"Mtima wanga," anatero Malemu motsitsa mawu, "unati unaonapo munthu akufa. Anali ndani?"

Namafunso anayang'ana madzi odontha aja. Nkhani imeneyi sanaiuzepo munthu, ndipo kunyumba iye ndi amayi ake ankailambalala ngati dzenje la pakhomo. Koma dzanja la mnyamatayo linali lofunda.

"Anali bambo anga. Anali telala. Tsiku lomaliza sankatizindikira bwino. Zala zawo zinkangoyenda pa bulangete, ngati akukankhira nsalu pansi pa singano. Amayi anawagwira dzanja lina. Kenako bambo anati, 'Amake mwana, tatsekani zenera, mvula inyowetsa nsalu za anthu.' Koma kunja dzuwa linali likuswa mtengo! Amayi anadzuka kukatseka. Potembenuka, bambo anali atapita."

Misozi inali itafika kale pachibwano.

"Amayi amadziimba mlandu kuti anawasiya dzanja. Mpaka lero zenera limenelo satseka, kaya kuzizire bwanji."

"Zala zake zinali za dzanja liti?" anafunsa Malemu.

"Lamanzere."

"Maso anali otsegula?"

"Pang'ono."

"Mawuwo ananena mokweza, kapena monong'ona?"

"Monga mwa masiku onse. Ngati munthu amene adzuka mawa."

Mtsikana wa mafunso uja sanadabwe kuti lero wofunsidwa ndi iye. Anangoona kuti wapeza munthu wofuna kudziwa chilonda chake mpaka pansi. Kodi chikondi si chimenecho?

"Usauze munthu, chonde. Amayi atamva kuti ndinaulula, sangandikhululukire."

Malemu anamupukuta misozi ndi chala. "Izi zathera mumtima muno. Ndikadzaulula, lilime langa lidzaume."

Patangopita masiku ochepa, Malemu anapita kutali kukajambula filimu yatsopano. Holo ija inakula, mipando ya kumbuyo inazizira. Namafunso akafunsa kuti ulendo uno afa bwanji, yankho linkabwera lofanana.

"Udzaona wekha, maso anga. Imfa iyi idzatitsegulira makomo tonse awiri."

Miyezi itadutsa unabwera uthenga umene unamudumphitsa pa mpando wogulitsira matikiti.

"Loweruka masana akuonetsa filimu yathu koyamba, ku holo yaikulu. Ubwere ndi amayi. Ndili ndi funso loti ndikufunse pamaso pawo!"

Funso lanji limene mnyamata amafunsa pamaso pa amayi a mtsikana? Namafunso anasita diresi n'kulisitanso. Amayi ake, amene anali asanapondepo m'holo ya kanema, anavala malaya abuluu amene malemu amuna awo anawasokera.

"Ndiye mkamwini wakeyo ntchito yake ndi kufa?" anafunsa ali m'basi. "Nanga ana adzadya chiyani, misozi?"

"Amayi inunso! Mukamuona mumukonda."

Holo yaikuluyo inadzaza. Magetsi atazima, Malemu anaoneka pa chinsalu, tsitsi atalipaka imvi, tepi yoyezera ili m'khosi. Anali telala.

Mtima wa Namafunso unadumpha. Anadzilimbitsa kuti matelala ndi ambiri padziko pano.

Koma chakumapeto telala uja anadwala. Anagona pa bedi pafupi ndi zenera, mkazi wake atamugwira dzanja lamanja. Zala zakumanzere zinayamba kuyenda pa bulangete, pang'onopang'ono, kukankha nsalu yosaoneka.

Amayi anamugwira Namafunso pa mkono.

"Amake mwana," anatero telala wa pa chinsaluyo, ndi mawu a masiku onse, "tatsekani zenera, mvula inyowetsa nsalu za anthu."

Mkaziyo anadzuka. Dzuwa linawala pa zenera. Atatembenuka, zala zija zinali zitaima.

Namafunso anayang'ana batani la malaya. Silinakwere ayi.

M'holo monse munali kufwenthera, ngakhale azibambo andevu ankapukuta m'maso. Zikhadabo za amayi zinalowa m'khungu la mwana wawo.

"Wamuuza ndani?" ananong'ona. "M'chipinda muja tinalimo awiri. Mwanawe, wamuuza ndani?"

Magetsi anayaka, anthu anaimirira n'kuomba m'manja. Mkulu wojambulitsa filimuyo, bambo wamimba ndi chipewa, anakwera kutsogolo atakolowekana mkono ndi Malemu.

"Imfa imeneyi inatizunguza mutu!" anatero monyadira. "Zonse zimene tinalemba zinkamveka zabodza. Koma mnyamata uyu ndi wakhama. Tsiku lina anandiimbira foni, amvekere, 'Bwana, ndapeza mtsikana wina wa matikiti amene anaonapo imfa yeniyeni. Ndipatseni nthawi, andiuza zonse.' Ndipo mwaona nokha!"

Anthu anaseka n'kuombanso m'manja. Namafunso analakalaka nthaka itang'ambika.

Malemu anawapeza pa masitepe otulukira, thukuta lili kamukamu, kabokosi kofiira kali m'manja.

"Amayi, ndakondwa kukuonani. Maso anga, waona? Akuti andipatsa filimu ina, ndipo m'menemo sindifa!"

"Unalonjeza," anatero Namafunso.

"Sindinatchule dzina la munthu! Ndachitira iwe. Bambo ako tsopano sadzaiwalika, anthu adzawalira zaka ndi zaka ngati akatswiri akale aja."

Amayi anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka ku nsapato. "Mwananga, mwasewera bwino. Koma amuna anga sanadzuke kudzaomberedwa m'manja."

Malemu anazyolika. Namafunso anatsala ndi funso limodzi, ndipo kwa nthawi yoyamba m'moyo wake ankaopa kufunsa.

"Tsiku lachiwiri lija, unabwerera ine kapena bambo anga?"

"Poyamba ndinabwera kudzafunsa, sindikana. Koma kenako ndinakukonda, mtima wanga, ndikulumbira! Taona." Anatsegula kabokosi kaja. Mphete inanyezimira.

Mwina ankanena zoona. Maso ake anali ofiira. Koma ungadziwe bwanji, kwa munthu amene holo yonse yangomulira kumene ali moyo? Mtima wa Namafunso unkamukondabe, ndipo chimenecho ndicho chinkawawa kwambiri. Malemu akanangogwada n'kupepesa amayi, mwina Namafunso akanamumvera chisoni.

Anatembenuka kuti azipita. Malemu anamugwira chala.

"Chabwino, kwiya, ndikudikira. Koma tandiuza chimodzi chokha." Anatsitsa mawu, maso akuwala ngati a mwana. "Zala zija... ndinazichita ndendende?"

Namafunso anamuyang'anitsitsa. Mafunso onse amene anali nawo anathera pomwepo.

"Ndendende," anatero. "Sunaphonye kanthu."

Anasolola chala chake, n'kugwira amayi ake pa mkono, chifukwa masitepe anali ataliatali.