Maiko Onse, Kupatula Kwathu

Matilde ankasenda chinangwa kuseri kwa nyumba ku Metangula, kugombe la Mozambique, pamene aSelemane, mwini ngalawa ya tanga imene inkapita ku Likoma ndi usipa wouma, anaima pambali pake. Anayang'ana uku ndi uku, kenako anatulutsa envulopu m'chipewa.

"Iyi ndikupereka m'manja mwanu," anatero motsitsa mawu. "Mwini wake wandilumbiritsa kuti isadzere kwa munthu wina."

Mpeni unagwa pansi. Kalembedwe kopendekera ka pa envulopu kaja kanali ka Bartolomeyo, mwamuna wake, amene anamulira maliro zaka zinayi zapitazo.

Bartolomeyo anali mphunzitsi ku Cóbuè. Tsiku limene zigawenga zinalowa m'mudzimo mu 1985, aliyense anathawira kwake, ndipo iye sanaonekenso. Munthu wina anatola malaya ake pamchenga ali magazi okhaokha. Amayi ake, aFlorinda, anakulunga malayawo mu chitenje cha kapulana n'kuwakwirira m'manda, poti mtembo sunapezeke. Otsalawo anasamukira ku Metangula, pafupi ndi asilikali a pamadzi. Patapita zaka ziwiri, aFlorinda anayamba kumunyengerera mpongozi wawo tsiku ndi tsiku: "Mwana wanga, nkhondo ino mkazi sakhala yekha. Mdzukulu wangayu Maua akufunika bambo." Mapeto ake Matilde analowedwa chokolo ndi Firmino, mng'ono wake wa Bartolomeyo, msodzi wofatsa wosalankhulalankhula. Tsopano anali ndi pakati pa miyezi isanu ndi umodzi.

Anang'amba envulopuyo.

"Amake Maua, ndili moyo. Anandigwira kuti ndiziwasenzera katundu, ndinathawa patapita chaka n'kutulukira ku Tanzania. Ndinakulemberani mu 1987 kudzera kwa amayi, koma simunandiyankhe. Abungwe loona za othawa kwawo andipatsa kabuku koyendera, ndipo dziko la Kanada lavomera kundilandira pamodzi ndi mkazi ndi mwana. Koma sapereka viza asanaone chikalata cha ukwati, zithunzi, ndi eni akenu maso ndi maso. Ndili ku Likoma. A ku Malawi andilola masiku khumi ndi anayi okha, asanu apita kale. Kumeneko sindingaponde. Bwerani, chonde."

Matilde anawerenga kawiri mzere wa 1987 uja. Anadzutsa mutu.

"ASelemane, kalata yoyamba munapatsa ndani?"

Mkuluyo anazolika. "Ndinapatsa akuluakulu a pakhomo, monga mwa ulemu. Nditaona mukukwatiwa sabata yotsatira, ndinati kapena m'kalatamo munali zoti akusiyani. Ndinalibe pakamwa pofunsira."

Matilde analowa m'nyumba osapukuta n'komwe m'manja. AFlorinda anali pamkeka akusoka diresi la Maua. Anangoona pepalalo, singano inaima.

"Amayi, kalata ya abambo ake Maua munaiika kuti?"

"Kalata yanji? Akufa salemba makalata."

"Musandinamize! Ali ku Likoma, akupuma ngati ine ndi inu. Munadziwa! Munadziwa ndisanalowe m'nyumba ya Firmino!"

Nthawi yomweyo Firmino anatulukira pakhomo, ukonde uli paphewa. Anamva mawu omalizawo ndipo anaima njo, madzi a muukonde akudonthera pamapazi ake.

AFlorinda anayamba kulira. "Ndinaitentha. Analemba kuti ndikutumizeni ku Tanzania, iwe ndi mwana. Ine ndinali nditaika kale mwamuna wanga ndi mwana wanga wamkazi m'chaka chimodzi. Ndikanatsala ndi ndani? Komanso asilikali akanamva kuti anasenzapo katundu wa zigawenga, akanatisiya amoyo pano? Ndinati mumtima mwanga, amene ndinamulira kale asandilizenso kachiwiri."

"Lamulungu lililonse mumayatsa kandulo kutchalitchi," anatero Matilde. "Ine ndimagwada pambali panu kupempherera mzimu wake. Kandulo ya munthu wamoyo, amayi! Ndipo ndikakuuzani kuti ndamumva akutsokomola kuseri kwa nyumba, munkati ndi mzimu ukutsazika. Munandisandutsa wamisala mukudziwa."

Firmino anatsitsa ukonde pang'onopang'ono.

"Amayi, mwandidyetsa chiyani?" anafunsa. "Zaka ziwiri ndakhala ndikulota achimwene ataima m'madzi mpaka m'chifuwa, akungondiyang'ana osalankhula. Ndinkayesa akwiya chifukwa sitinawaike bwino. Kani ndinawalanda mkazi ali moyo?"

"Ndinachitira banja lino, mwana wanga…"

"Banja liti? Lilipo banja pano?"

Anatuluka n'kumenyetsa chitseko mpaka dothi linayoyoka pakhoma. Maua, mtsikana wa zaka zisanu ndi zinayi, anabwera akuthamanga kuchokera kokatunga madzi, n'kupeza amayi ake ndi agogo ake akulira, wina ngodya iyi wina ngodya iyo.

Firmino anabwerera masana maso ali psuu. Anapita molunjika pa kabokosi kachitsulo kamene Matilde anathawa nako ku Cóbuè, natulutsa chikalata cha ukwati chija, chachikasu ndi ukalamba, n'kuchiika pamiyendo pa Matilde.

"Apa palembedwa dzina la achimwene, osati langa," anatero. "Ndalankhula ndi aSelemane. Mwera ukuomba bwino, mawa m'mamawa anyamuka. Pitani."

"Nanga uyu?" Matilde anagwira mimba yake.

Firmino anayang'ana kumbali. "Kumene kulibe mfuti n'kwabwino kwa mwana aliyense. Musandifunse zambiri, ndingalephere kupirira."

"Inu simupita kukawaona achimwene anu?"

"Ndikawayang'ana ndi maso ati?"

AFlorinda anakakamira kuti apita nawo, ndipo palibe anawaletsa. Ngalawa inayenda tsiku lonse motsata gombe. Anadutsa midzi yopanda utsi, mabwato ovunda pamchenga, minda ya chinangwa itasanduka tchire. Atayandikira Cóbuè, aSelemane anakhotetsa ngalawa kuloza kuchilumba, ndipo Matilde anaphimba maso a Maua kuti asaone makoma opsa a sukulu imene bambo ake ankaphunzitsa.

Bartolomeyo anali ataima pansi pa mlambe pafupi ndi doko. Anali wowonda, imvi zitamera, akutsimphina mwendo wamanzere. Anathamanga chotsimphina chomwecho kulowa m'madzi, koma Matilde ataimirira kuti atsike, kapulana inakanirira pamimba. Bartolomeyo anaima pomwepo, madzi akumumenya m'mawondo.

Maua anabisala kumbuyo kwa amayi ake.

AFlorinda ndi amene anayamba. Anadzigwetsa pamchenga n'kugwira mapazi a mwana wawo. "Usamude mkazi wako. Ndine. Kalata yako ndinaitentha, ndipo ndinamupereka kwa Firmino ndi manja angawa."

"Kwa Firmino," anabwereza Bartolomeyo ngati akuphunzira mawu achilendo. Anachotsa mapazi ake m'manja mwa amayi akewo mofatsa, napita kukakhala patsinde la mlambe. Analira ngati mwana, mapewa akugwedezeka, anthu a padoko akuyang'ana kumbali mwaulemu.

Patapita nthawi Matilde anakakhala chapatali pang'ono. Bartolomeyo anapisa m'thumba la malaya n'kutulutsa kabuku kabuluu kokutidwa ndi pulasitiki. Anatsegula tsamba lina n'kuloza ndi chala.

"Werengani apa. Akuti kabuku aka n'kololedwa m'maiko onse, kupatula Mozambique." Anakweza dzanja kuloza tsidya, kumene mapiri a Cóbuè ankaoneka bwinobwino. "Kwathu ndi uko. Mtengo wa mango wa pasukulu ndikuuona ndi maso angawa. Ndikangopondako, kabukuka kafa, ndipo asilikali akandifunsa kuti chaka chija ndinali kuti. Maiko enawonso si kuti amangotsegula chitseko. Paliponse viza. Kuti ndifike pano ndapita ku ofesi kasanu ndi kawiri. Amatembenuza kabukuka uku ndi uku ngati chinthu chonunkha, n'kufunsa kuti, kwanu kwenikweni n'kuti? Ndinapirira zonsezo poganiza za inu."

"Ndinakulirani," anatero Matilde. "Ndinameta. Ndinavala zakuda chaka chathunthu."

"Ndikudziwa. Sindikukuimbani mlandu." Anatulutsa fomu yopindapinda. "Onani, pali mizere itatu ya ana. Wobwerayo ndidzamulemba dzina langa. Ndi magazi athu omwewo. Sitima ibwera Loweruka, tikafika ku ofesi ya kazembe ku Lilongwe viza yanga isanathe. Tiyeni, amake Maua."

Matilde anayang'ana fomuyo nthawi yaitali, misozi ikugwera pakapulana.

"Mwana uyu ali ndi bambo wake, ndipo bamboyo sanalakwe kanthu. Pamene malungo anatsala pang'ono kumutenga Maua, ndi Firmino anamubereka kuthamanga naye kuchipatala. Chikalata ichi wandipatsa ndi iyeyo, ndi manja ake, kuti ndipite. Ndimuchite zomwe amayi anakuchitani inu? Adzalire mwana wamoyo? Ayi, abambo ake Maua. Kunama kwakwana m'banja muno."

"Ndiye ndabwerera chabe."

"Simunabwerere chabe." Matilde anayang'ana kwa Maua. "Mwezi watha atsikana awiri anaponda bomba lokwirira akutola nkhuni. Mmodzi anali mnzake wa Maua, amakhala benchi imodzi kusukulu. Kuyambira pamenepo, mwanayu akatuluka m'nyumba mtima wanga umaima mpaka abwere. Kodi kumeneko amalola mwana kupita ndi bambo yekha?"

Bartolomeyo anamuyang'ana modabwa. "Amalola, mayi akasaina kalata yovomereza pamaso pa mboni. Koma mungathe?"

"Sindingathe. Koma ndisaina."

AFlorinda, amene ankamvetsera chapatali, anakuwa. "Ayi! Mukundilanda onse awiri! Maua ndi maso anga, ndi miyendo yanga! Bartolomeyo, mwana wanga, ndikhululukire, koma usanditengere mdzukulu!"

"Ndakukhululukirani, amayi," anayankha mwakachetechete. "Koma pankhani ya mwanayu munagamula kale kamodzi. Lero agamule amayi ake."

Matilde anamukokera Maua pamiyendo pake n'kumufotokozera zonse, osabisa kanthu. Mtsikanayo anamuyang'anitsitsa munthu wa imvi uja.

"Amama, kumeneko kulibe mfuti?"

"Kulibe, mwana wanga. Kuli sukulu yokhala ndi denga."

"Inu mudzabwera liti?"

"Nkhondo ikadzatha ndiwe udzabwere, utakula, ukulankhula chizungu. Undilembere, ndipo kalata zako ndizidzalandira ndekha."

Anakhala pachilumbapo masiku atatu. Maua anajambulitsa zithunzi kwa wojambula wa pamsika, atavala diresi lomwe agogo ake anamaliza kusoka akulira. Matilde anasaina kalata pamaso pa wansembe, ndipo wansembeyo anadindapo chidindo chake. Tsiku lachiwiri Maua anayamba kuyankha mafunso a bambo ake. Lachitatu anawagwira dzanja yekha. Matilde ataona zimenezo anapita kuseri kwa tchalitchi n'kulira mpaka kusanza.

Loweruka sitima inaliza lipenga. Maua anakakamira khosi la amayi ake mpaka Matilde anachita kumasula zala zake chimodzichimodzi. Anaima chilili osagwedezeka mpaka boti lotengera anthu kusitima linakafika, kuti mwanayo akacheuka aone mayi wolimba. Sitima itazimiririka m'pamene anakhala pansi pamchenga.

Pobwerera mphepo inali yotsutsana nawo, ndipo anayenda masiku awiri. AFlorinda anakhala kumapeto kwa ngalawa, osadya kanthu.

Ku Metangula, Firmino anali pagombe akusoka ukonde. Anzake anati masiku onsewo sanalowe panyanja, ankangokhala pomwepo. Ataona tanga la aSelemane anaimirira, akuyembekeza kuona amayi ake okha. Koma woyamba kutsika anali Matilde, dzanja limodzi pamsana.

Anathamangira m'madzi kukamugwira. Anasuzumira m'ngalawamo, kenako anamuyang'ana kumaso.

"Maua?"

"Wapita ndi bambo ake."

Firmino anatseka maso, misozi n'kutsika. Analandira kamtolo ka Matilde n'kukaika paphewa.

"Mundimangire nyumba kwina," anatero Matilde. "Amayi tiziwapatsa chakudya, tiziwasamala akadwala. Koma denga limodzi ayi."

"Ndimanga."

Anayamba kukwera mtunda, aFlorinda akutsatira patali okhaokha. Atayenda pang'ono Firmino anaima.

"Achimwene anati chiyani za ine?"

"Anati ndinu m'bale wawo mpaka kalekale, ndipo alibe nanu chifukwa. Apempha chinthu chimodzi chokha."

"Chiyani?"

"Akuti mwanayu akadzabadwa wamwamuna, musadzamutche Bartolomeyo. Mwini dzinalo akuligwiritsabe ntchito."