Khosi la Kamiza

Emília ananyamula kamiza ija, malaya aamuna akutha, ndi kamtengo n'kuiponya kutali ndi mphasa.

"Iii, azakhali! Chimenechinso chilowe m'manta ya ukwati?"

"Si chimenechi. Ndi kamiza ya bambo ako," anayankha a Serafina osadzutsa mutu. "Katole."

A Serafina anali mlongo wawo wa a Bonifácio, bambo a Emília. Anachokera ku Fonte Boa kudzasoka zinthu za ukwati wa Helena, mkulu wake wa Emília, amene ankakwatiwa ku Domwe. Nsalu za patebulo anali atamaliza kale. Inatsala ndi manta ya zigamba, chofunda cha mkwati. M'banja lawo mtsikana sankapita kwa mwamuna alibe manta yotere. Wachibale aliyense ankapereka chovala chake chakutha. Ankadulapo zigamba, kuzilumikiza, pakati n'kuyalapo gombeza lakale. Ankati chisanu chikamuluma mwanayo kuchilendo, azifunda abale ake onse.

Chaka chimenecho a Serafina anati maso ayamba kuwavuta. Anakhazika pansi Emília ndi Rosita, mwana wawo, kuti aphunzire.

"Ika kakatoni pansalu, ulembe m'mbali ndi kachidutswa ka sabawu wochapira, udule kunja kwa mzere. Msoko ukhale waufupi ngati njere ya mpunga. Ndipo nsalu iliyonse iyambe yalowa m'madzi, yakale kapena yatsopano."

Rosita anapatsidwa kapulana ya agogo, chitenje chawo chakale. Emília ndiye anagweredwa ndi kamiza. Inali yotuwa, yachikasu m'khwapa, kumsana kuli madontho a manyowa. Inkanunkha thukuta, fodya ndi khola la nkhumba.

"Uchape bwino, dona wa ku Ulongwe," Rosita anamuseka, poti Emília ankaphunzira sikola kumeneko. "Zala zako za kaneta yolembera zisathyoke."

Emília sanaseke. Ankaona kale m'maganizo mwake azimayi a ku Domwe akutambasula manta pamaso pa anthu, akukodolana kuti kwa a Bonifácio apereka zisanza za m'khola. Popita kuchitsime anadzera kuseri kwa khola, pamene panali dzenje la manyowa. Anaponyamo kamiza ija, naikankhira pansi ndi kamtengo mpaka inabisika. Kenako anasamba m'manja kwa nthawi yaitali.

M'mawa mwake, poweruka ku sikola, anapempha zidutswa za nsalu kwa wosoka wina wa pa merikado, msika wa ku Ulongwe. Anasankha za kapulana yofiira, yatsopano, yonyezimira.

"Kamiza ija?" anafunsa a Serafina.

"Inali yofumbwa, azakhali. Yathera m'manja pochapa."

A Serafina anamuyang'ana, kenako anasisita nsalu yofiirayo ndi chala. "Iyi waiviika?"

"Eya."

Sanaiviike. Ankaopa kuti kunyezimira kutha.

Ntchito inayenda. Rosita ankadzibaya tsiku lililonse n'kumatukwana singano. Emília anagwira msanga, ndipo zigamba zake zofiira zinamwazika m'manta yonse ngati maluwa. Sabata ya ukwati itakwana, a Serafina anamanga mfundo yomaliza.

"Kaichapeni. Mizere ya sabawu ndi litsiro la manja zichoke."

Atsikanawo anaiviika m'basiya. Posakhalitsa madzi anasanduka ngati a tsiku lopha nkhumba. Anawataya, nathira ena, koma anafiiranso. Utoto unalowa m'chigamba choyera cha diresi ya ubatizo ya Helena, unalowa m'kapulana ya agogo, unalowa paliponse. Pouma, zigamba zofiira zinachepa n'kukoka zinzake. Manta inakwinyika pachingwe ngati chikopa cha mbuzi choiwalidwa padzuwa.

"Asa!" anatero Rosita. "Mkwati akafunde chimenechi? Adzati tagonekapo mtembo wa nkhumba."

A Serafina anaizungulira manta ija pang'onopang'ono, nalavula pansi.

"Utoto sindikudabwa nawo, ndi khalidwe lake. Chondichititsa nseru ndi 'eya' wako uja."

Helena anatulukira atasenza nkhuni. Anatula, nayandikira chingwe. Za utoto sananene kanthu. Anayendetsa dzanja pa zigamba, mzere ndi mzere, ngati wofuna ndalama yogwera mu udzu.

"Iyi ndi ya agogo. Iyi ya amalume a Lino. Nanga ya ababa ili pati?"

Helena anatembenukira kwa mng'ono wake.

"Emília, kamiza yotuwa ija ili pati?"

"Inali yonyansa, mana Helena."

"Ija anasoka amayi ndi manja," Helena anatero motsitsa mawu. "Zovala zawo zonse anagawana akwawo maliro atatha. Chokhacho ndiye chinatsala pakhomo pano. Ndinachita kuwapempha ababa kuti andipatse. Anakana kawiri konse."

Amayi awo anamwalira Emília akali wokwawa. Za kamiza palibe anamuuzapo, ndipo iye sanafunsepo chifukwa chimene bambo ake ankakakamirira chisanza chimodzi zaka zonsezo.

Nthawi yomweyo a Bonifácio anatulukira kuseri kwa khola, kumene ankafukula manyowa opita nawo kudimba la mbatata. Pansonga ya khasu panalendewera kanthu kakuda, kodontha. Anakaika pamwala wochapira. Ntchentche zinafika nthawi yomweyo. Timphutsi toyera tinkatuluka m'mapindo ake. Rosita anatseka mphuno n'kuthawira kuseri kwa nkhokwe, ndipo ngakhale a Serafina anabwerera m'mbuyo.

"Kwina konse kwawola," anatero a Bonifácio. "Latsala khosi."

Sanayang'ane aliyense. Anaika khasu paphewa n'kubwerera kudzenje.

Kamtengo kanali pomwepo, pafupi ndi phazi la Emília. Anakayang'ana, nakasiya. Anagwada n'kutola chinthu chija ndi manja. Chinali chofunda, choterera. Fungo linam'menya pakhosi, malovu anadzaza m'kamwa, ndipo anatembenukira kumbali n'kusanza. Atapukuta pakamwa ndi mkono, anatunga madzi.

Anachapa, nataya madzi, nachapanso. Anachotsa timphutsi ndi chikhadabo, kamodzikamodzi. Pang'ono ndi pang'ono kuda kunachoka, ndipo m'mphepete mwa khosi lija munayamba kuoneka msoko. Unali wa ulusi woyera, waufupi, wofanana, ngati mpunga wondandalikidwa. Nsalu inali itadyeka, koma msokowo sunamasuke ndi pamodzi pomwe.

Masiku otsalawo Emília sanachoke pamphasa. Anamasula zigamba zofiira zonse, n'kulowetsamo za buluku lakale la bambo ake, lochapa yekha. Utoto wa pa diresi ya ubatizo unakana kuchoka. Helena anati ausiye, azikumbukira kuti ali ndi mng'ono wake wamakani.

M'khosi monse munatuluka kachigamba kamodzi, kosaposa chikhatho. Emília anakaika m'mphepete mwa kumutu, pamene manta imakhudza chibwano cha wofunda.

"Manja akowa akununkhabe khola," anatero Rosita, akusendera kutali.

"Ndikudziwa."

Atamaliza anapereka kwa a Serafina. Iwo anayandikitsa kachigambako kumaso, nayang'ana msoko wakale, kenako watsopano umene unayenda pambali pake.

"Wakowu ndi wautali. Masula."

Emília anatenga singano, namasula, nayambiranso.