Boti Limene Silinabedwe

Chaka cha 1993, a Justice ananamizira a Winston. Anati a Winston anaba boti.

A Justice anali kapitawo pa esiteti ya tiyi ku Thyolo. A Winston anali oyendetsa boti la esiteti. M'mawa ankawolotsa othyola tiyi pamtsinje. Madzulo ankamangirira boti ku chitsulo cha pagombe. Ankamanga ndi unyolo. Ankatseka ndi loko.

Tsiku lina mtsinje unasefukira. Madzi ataphwa, boti panalibe. Panali mchenga wokhawokha.

"Wakagulitsa ku Mozambiki ameneyu," anatero a Justice.

"Ndinamanga. Ndinatseka. Kiyi ndi uyu," anatero a Winston.

Palibe anamva. A Winston anachotsedwa ntchito. Anatulutsidwanso m'nyumba ya esiteti.

Lero a Winston ndi okalamba. Kiyi uja amavala m'khosi. Ali ndi mdzukulu wamkazi. Dzina lake ndi Tisungane.

Tisungane ali Sitandade 3. Amakonda sukulu. Koma pali mawu amene sawakonda. Mnzake Happy amamuseka nawo.

"Mdzukulu wa Akubaboti! Mdzukulu wa Akubaboti!"

Tsiku lina Tisungane anafika kunyumba akulira.

"Agogo, kodi munabadi boti?"

"Ndinamanga. Ndinatseka. Kiyi ndi uyu," anatero agogo.

"Nanga boti lili kuti?"

Agogo anangosisita kiyi wa m'khosi mwawo.

Chaka chino kunagwa mvula yambiri. Inagwa Lolemba. Inagwa Lachiwiri. Inagwa mpaka Lachisanu. Mtsinje unadya gombe. Unadya nthochi. Unadya mizere itatu ya tiyi.

Loweruka dzuwa linawala. Tisungane ndi Happy anapita kumtsinje. Ankatola nkhuni zobwera ndi madzi.

Happy anaima. Nkhuni zake zinagwa pansi.

"Mayo ine! Bokosi la maliro!"

Pagombe logumuka panatuluka chinthu. Chinali chachitali. Chinali chakuda. Theka lake linali mumchenga.

Happy anathawa akukuwa. Koma Tisungane sanathawe. Anayandikira. Anagogoda ndi mwala.

Ngwe! Ngwe!

"Bokosi la maliro sililira chonchi," anatero Tisungane.

Anakumba ndi manja. Anakumba, anakumba. Anagwira chinthu chozizira. Unali unyolo. Anautsatira. Unyolo unafika pa chitsulo. Pa chitsulopo panali loko.

Loko anali wotseka.

Tisungane anathamanga. Anadutsa m'munda wa tiyi. Amayi ake anali momwemo, dengu kumsana.

"Iwe Tisu, wakuthamangitsa ndani?"

"Amayi, boti! Boti la agogo!"

Amayi anatula dengu. Tiyi anamwazika. Sanamutole.

Anthu anadzaza pagombe. Othyola tiyi anabwera. Alonda anabwera. Happy anabisala kumbuyo kwa amayi ake.

Agogo anafika pomaliza. Ankayenda ndi ndodo. Anthu anawapatukira.

Agogo anagwada mumchenga. Anagwira boti. Anagwira unyolo. Anagwira loko.

Anavula kiyi m'khosi. Anayesa kulowetsa. Kiyi sanalowe. Loko anali atachita dzimbiri.

"Musavutike, madala," anatero mlonda wina. "Tonse taona. Unyolo ndi wosaduka. Loko ndi wosathyoka."

"Zaka zonsezi linali pompano?" anafunsa mayi wina, dzanja pakamwa.

"Pompano," anatero agogo. "Timaliponda popita kutchalitchi."

A Justice nawonso analipo. Nawonso ndi okalamba tsopano. Anaima kumbuyo, ambulera m'manja.

Tisungane anapita pamene a Justice anaima. Anagwada mwaulemu.

"Agogo a Justice, bwerani mudzaone. Loko ndi wotseka."

Anthu onse anatembenukira kwa a Justice.

A Justice anayang'ana boti. Anayang'ana kumwamba.

"Mvula ibweranso iyi," anatero. Anatsegula ambulera. Anapita.

Happy anatuluka kumbuyo kwa amayi ake. Anayang'ana pansi.

"Tisu, sindidzanenanso mawu aja."

"Ndipo si bokosi la maliro," anatero Tisungane.

Agogo anaseka. Tisungane anali asanamvepo agogo akuseka chonchi. Anaseka mpaka misozi.

"Tabwera kuno, mdzukulu wanga."

Anamukweza m'boti. Iwonso anakwera. Amayi anakwera ndi matope awo. Boti silinayende. Koma agogo anapalasa ndi ndodo yawo.

"Gwirani zolimba! Tikuwoloka!"

Kenako anamuveka Tisungane kiyi uja m'khosi.

Lolemba kunabwera thirakitala ya esiteti. Antchito a esiteti anadula unyolo. Anakoka boti. Anati ndi katundu wa kampani.

Kwa a Winston sikunabwere munthu. Sikunabwere kalata.

A Justice amadutsa pakhomo pa a Winston Lamulungu lililonse. Mpaka lero sanapepese.