Matikiti a ku Nayuchi

Fyness ankakhala kwa Kanduku, m'boma la Mwanza. Ankakhala ndi abambo ake, a Langton. Amayi ake kunalibe. Anapita ku Nayuchi kukadwazika agogo. Ku Nayuchi ndi kutali kwambiri.

Fyness ankafuna chinthu chimodzi chokha. Ankafuna kuona amayi ake.

M'mawa ankasesa pabwalo yekha. Ankatunga madzi yekha. Akaweruka kusukulu, ankapeza chitseko chotseka. Abambo amakhala ali kudimba.

Tsitsi la Fyness linakula. Panalibe womuluka. Tsiku lina abambo anayesa kumuluka. Mizere yake inakhota ngati njira ya mbuzi.

Kuseri kwa phiri kunali njanji. Sitima yaitali inkadutsa pamenepo. Fyness ankakhala pamwala n'kumaiyang'ana.

"Ababa, sitima ija ingatifikitse kwa amayi?" anafunsa Fyness.

"Ayi, mwanangu," anatero abambo. "Ija ndi ya malasha. Sinyamula anthu. Ya anthu tikakwerera ku Limbe."

"Liti?"

"Sukulu ikatsekera."

Fyness anadikira. Anadikira sabata imodzi. Anadikira sabata ina. Kenako sukulu inatsekera.

Fyness anachapa deresi lake lachikasu. Anathyola manachesi okapatsa amayi. Anawamanga m'kansalu.

"Ababa, matikiti tili nawo?"

"Tikagula komweko, pa siteshoni," anatero abambo. "Usadandaule."

Ananyamuka m'mamawa. Anayenda pansi mpaka pa boma. Pamenepo anakwera minibasi.

Koma minibasi sinanyamuke. Inadikira kuti idzaze. Inadikira. Inadikirabe. Itanyamuka, inkaima paliponse. Uyu atsike. Uyu akwere.

Atafika pa siteshoni, anapeza mzere wautali. Panali amayi a madengu. Panali abambo a matumba. Onse ankafuna matikiti. Zenera logulitsira linali limodzi.

Fyness ndi abambo anaima kumapeto. Mzere unkayenda ngati bilimankhwe.

Mayi wina anafika ndi chikwama chake. Sanaime pamzere. Anangodutsa.

"Amayi, inu simugula tikiti?" anafunsa Fyness.

"Ndinagula dzana, mwanangu," anatero mayiyo. Anamuonetsa kapepala. Kenako anakalowa m'sitima.

Mzere unasuntha pang'ono. Kutsogolo kunatsala anthu asanu. Kenako anayi. Kenako atatu.

Sitima inalira. Inayamba kuyenda.

Fyness anaiyang'ana ikudutsa. Pawindo lina panali mtsikana wonga iyeyo. Mtsikanayo anatsamira phewa la amayi ake. Sitima inapita. Panatsala njanji yokha.

Abambo anagwada pafupi ndi Fyness.

"Pepa, mwanangu," anatero. "Ndalakwa ndine. Sitima ina ndi sabata yamawa."

Anabwerera ku Mwanza. M'minibasi Fyness ankangoyang'ana pawindo. Kansalu ka manachesi kanali pamiyendo pake.

Madzulo foni ya abambo inalira. Anali amayi. Abambo anapatsa Fyness foniyo.

"Ndinaima pa siteshoni," anatero amayi. "Anthu onse anatsika. Ndinayang'ana mabogi onse. Iwe munalibe."

Fyness anamvetsera mpaka amayi anamaliza. Anabweza foni kwa abambo.

M'mawa anasesa pabwalo yekha. Anatunga madzi yekha. Manachesi a amayi anayamba kufota. Fyness anakhala pamwala paja. Anaganizira za mayi wa kapepala uja.

Kenako anaimirira. Anathamangira kwa azakhali ake, a Thandie. Azakhaliwo ankagulitsa manachesi ku Limbe. Ankapitako sabata iliyonse.

Anawapeza ali pansi pa mtengo. Ankadzaza dengu.

"Azakhali, mupita liti ku Limbe?"

"Mawa. Bwanji?"

"Kodi siteshoni ili kutali ndi msika?"

"Ayi, si patali."

"Mukatigulire matikiti awiri. Mukagule tsiku lisanafike. Kuti tisakaimenso pamzere."

Azakhali anasiya dengu. Anamuyang'ana Fyness.

"Nzeru imeneyi wakupatsa ndani?"

"Ndinaona mayi wina," anatero Fyness.

Azakhali anaseka. "Chabwino. Kauze abambo ako. Ukabwere udzandithandize kuthyola."

Abambo anavomera. Anapereka ndalama kwa azakhali. Fyness anathyola manachesi mpaka manja kununkhira.

Azakhali anapita. Fyness anadikira tsiku loyamba. Anadikira tsiku lachiwiri. Ankangoyang'ana kunjira. Kunkadutsa njinga za makala. Kunkadutsa mbuzi. Azakhali osaoneka.

Tsiku lachitatu anawaona akutsika phiri. Dengu linali lopanda kanthu. Azakhali anamasula nsonga ya chitenje. Munali timapepala tiwiri.

Fyness anawerenga pang'onopang'ono. "Na-yu-chi."

Anaika matikitiwo m'kope lake la kusukulu. Kopelo sanalisiye pansi.

"Ababa, ulendo uno tinyamuke msanga," anatero Fyness. "Minibasi imachedwa."

Ananyamuka kutatsala tsiku limodzi. Anakagona kwa anzawo a azakhali ku Limbe. Kutacha anapita pa siteshoni. Mzere unali wautali ngati kale. Iwo sanaime. Anangodutsa.

Fyness anakhala pawindo. Sitima inalira. Inayamba kuyenda. Inadutsa minda. Inadutsa mapiri. Inawoloka mtsinje waukulu. Inayenda, inayenda, inayendabe.

Pomaliza inaima pa Nayuchi.

Panali anthu ambiri. Fyness anayang'ana uku. Anayang'ana uku. Kenako anaona chitenje chobiriwira. Anachidziwa.

"Amayi!"

Amayi anamukumbatira. Sanamusiye msanga. Deresi lachikasu linanyowa paphewa.

"Agogo ali bwanji?" anafunsa abambo.

"Achira," anatero amayi. "Dzulo anasinja okha mtedza. Akukudikirani kunyumba."

Abambo ananyamula chikwama. Koma Fyness sanasunthe. Analoza zenera la matikiti. Panalibe munthu pamzere.

"Ababa, tigule obwerera lero."

Abambo anamwetulira. Anapita pazenera. Wogulitsa anawayang'ana.

"Angati?" anafunsa.

Abambo anatsegula pakamwa. Koma amayi ndiwo anayankha.

"Atatu," anatero amayi.