Mlezi Wosalola Mwana Kugwa

Mnyamata wina atapingidwa ndale anapita chagada, nkhongo kulunjika pansi, koma pansipo sanafikepo. Manja anayi ofewa anatsika kuchokera kudenga, awiri n'kumugwira m'mapewa, awiri m'chiuno, n'kumuimika bwinobwino ngati mwana wophunzira kuyenda. Kenaka manjawo anabwerera mwakachetechete n'kudzipinda kudenga komweko. Anzake sanacheuke n'komwe, poti m'nyumba yamasewera ya ku Chirimba zimenezi zinkachitika tsiku lililonse.

Makinawo anali ndi dzina lalitali la m'mabuku, koma anyamata anangowatcha Mlezi, ndipo dzinalo linakakamira. Mlezi anali ndi timaso tamagalasi m'ngodya zonse za chipinda. Ubongo wake wa kompyuta unkawerenga kupendekeka kwa thupi la munthu, moti unkadziwa kuti uyu akugwa mwini wake asanadziwe. M'zaka za m'ma 2080 pafupifupi nyumba iliyonse yophunzitsira ndewu yosakaniza, ija yomenyanira m'khola la mawaya ndi nkhonya, mateche ndi kugwetsana, inali ndi Mlezi wake kudenga.

Amene anapanga makinawa anali Mayi Ulanda Chigamba, injiniya wosakonda kuseka, yemwe anthu ankati ngakhale moni amachita kuyeza asanapereke. Kutchuka analibe nako ntchito. Ali mtsikana anaona ndi maso ake mlongo wake Fatsani akugwetsedwa molakwika pophunzira masewera ogwetsana. Khosi linathyoka, ndipo Fatsani anakhala pa chikuku mpaka tsiku limene anamuika m'manda. Phokoso la kugwa kuja silinachoke m'makutu a Ulanda. Choncho mwana wake mmodzi yekhayo, mtsikana dzina lake Sekanawo, atayamba kulirira zandewu, mayiyo anakumbuka kuti mwana akalirira nyanga ya nsatsi umamusemera imufotere yekha. Koma Ulanda sanali munthu wodikira kuti chinthu chifote. Analola, kenaka anapanga makina oti mwanayo asadzakhudze pansi.

Sekanawo anakulira pansi pa manja a Mlezi, ndipo anakula woopsa. Anali wamtali, wa miyendo yofika patali, ndipo theche lake linkagoneka anthu asanamuyandikire. Pa ndewu zenizeni malamulo sankalola Mlezi m'khola, koma zimenezo sizinkamudetsa nkhawa mayi wake, chifukwa panalibe amene anakhalitsa ndi Sekanawo mokwanira kuti amugwire mwendo. Komanso mumzinda masewera ogwetsana anali atafa okha pang'onopang'ono. Ungagwetse bwanji munthu wosagwa? Aphunzitsi anangosiya, onse n'kuthamangira nkhonya ndi mateche.

Lamba wa ukatswiri wa dziko lonse anakalimbirana ku Lilongwe, masana a Loweruka lina lotentha. Wolimbana ndi Sekanawo anali Nyembezi Tembo wa ku Mzimba, mtsikana wamfupi, wa khosi lonenepa ndi makutu otupa. Kwawoko Mlezi sanafike, osati chifukwa chomukana, koma denga la holo yawo linali lamalata akale ndipo silikanatha kunyamula makinawo. Ndiye ana a kumeneko anapitiriza kugwetsana pa matiresi monga kale, ndipo Nyembezi anayamba kuphunzira nkhonya atatha kale zaka zambiri akugwetsa ndi kugwetsedwa. Anthu a ku Chirimba ankamuseka kuti amaponya nkhonya ngati akupuntha nyemba.

Ulanda anali asanaonerepo ndewu ya mwana wake, koma tsiku limenelo anakhala kutsogolo, chikwama atachikumbatira pachifuwa. Poyamba zinayenda monga anthu ankanenera. Theche la Sekanawo linamupeza Nyembezi m'nthiti, lina pa ntchafu, anthu n'kumakuwa. Nyembezi ankangobwerabe, atawerama, maso ali pa chiuno cha mnzake. Theche lachitatu likukwera, iye analowa pansi pake, n'kukumbatira miyendo yonse iwiri, n'kumunyamula Sekanawo mpaka pamapewa.

Zimene Ulanda anaona pamenepo palibe wina m'bwalomo anazimvetsa. Ali m'malere, Sekanawo sanadzipinde, sanabise mutu. Anatambasula manja, n'kulefula thupi lonse, n'kugwetsera mutu kumbuyo, maso kudenga. Kakhalidwe kameneka Ulanda ankakadziwa bwino, poti ndiye anakalemba m'malangizo a makina ake: ukamagwa usalimbe thupi, kuti Mlezi akugwire mosavuta. Mwana wake ankadikira manja amene kudengako kunalibe. Mantha anamugwira Ulanda.

Nyembezi anamva m'mapewa mwake kuti wanyamula munthu wosadziteteza. Ali pakati pogwetsa anapotoza chiuno, n'kugwada bondo limodzi, n'kulowetsa mkono wake kunsi kwa nkhongo ya Sekanawo. Anagwa onse awiri, ndipo chimene chinathyoka chinali mkono wa Nyembezi. Ngakhale zinali choncho, anamukhalira mnzakeyo ndi chiuno ndi dzanja limodzi lotsalalo. Sekanawo ankangophiriphitha, osadziwa koika phazi kapena kotembenukira, mpaka woimbira ndewu anaimitsa. Lamba anapita ku Mzimba. Sekanawo anatuluka m'khola wopanda bala, akulira ndi manyazi.

Madzulo ake Ulanda anapita kuchipatala kukathokoza. Anapeza Nyembezi atakhala pabedi, mkono uli m'bokosi la makina olumikiza mafupa, omwe ankalira pang'onopang'ono ngati njuchi. Ulanda anadzitchula kuti ndi mayi wa Sekanawo, n'kuyamba mawu amene anakonzekera m'njira, koma mtsikanayo sanawalandire. Anali wokwiya, ngakhale ulemu sanautaye.

"Mayi, pepani, koma amene anaphunzitsa mwana wanu ndani? Munthu ameneyo akanaphetsa mwana. Kwathu usanaphunzire kugwira mnzako, umatha miyezi ukungogwa basi. Chibwano pachifuwa, msana wopinda, kenaka kudzuka. Uyu anangodzipereka ngati thumba la chimanga."

"Anamuphunzitsa ndine," anatero Ulanda.

Nyembezi anamuyang'ana, kenaka anayang'ana mkono wake. Anafotokoza modekha kuti wogwetsana weniweni ndi amene amasankha kumene ndewu ichitikire, chilili kapena pansi, ndipo amadziwanso kumugoneka mnzake osamupha, chifukwa iye mwini anagwapo kambirimbiri. Anati Sekanawo anachita mwayi kukumana ndi iye. Akanakumana ndi wina wamphamvu chabe, wophunzira kunyamula osaphunzira kugoneka, bwenzi pano anthu akuyala nkhata pamaliro. Kenaka anafunsa kuti: nanga ana ena onse aja okulira pansi pa makinawo, adzawagwire ndani?

Ulanda sanatsutse. Anali munthu wokhulupirira zimene waona, ndipo anali ataona. Analembera nyumba zonse zamasewera kuti Mlezi azingogwira mutu ukalunjika pansi, zina zonse azisiya. Ena anamvera, ena anati makolo sangalole. Koma chovuta kwambiri chinali m'nyumba mwake momwe.

Mkono utachira, Nyembezi anabwera ku Chirimba ataitanidwa ndi Sekanawo. Anayala matiresi okhuthala, atsikana awiriwo n'kuima moyang'anana. Kudenga timaso ta Mlezi tinkayaka, manja ali chire. Nyembezi anati iye sangaphunzitse pansi pa chinthu chimenecho, ngakhale chitasinthidwa, chifukwa thupi la Sekanawo likangodziwa kuti manja alipo lizidikirabe.

"Amayi, zimitsani," anatero Sekanawo.

"Ukavulala?"

"Ndikapanda kugwa pano inu mukuona, ndikagwera kutali inu kulibe."

Ulanda anapita pakhoma pomwe panali batani. Anadina. Timaso tija tinazima, ndipo kwa nthawi yoyamba chiyikireni makinawo, denga la ku Chirimba linasanduka denga wamba.

Nyembezi anayamba ndi zazing'ono, kumugwetsa kuchokera chogwada, akumukumbutsa za chibwano. Kenaka anaimirira, n'kumugwira m'chiuno, n'kumutembenuza. Phokoso linamveka, lomwe lija la tsiku la Fatsani, ndipo Ulanda anapezeka atayenda kale kulowera pa matiresi. Anadziletsa, n'kubweza manja onse awiri kumbuyo, lina kugwira linzake mwamphamvu. Sekanawo anagona kanthawi akupuma movutikira, chibwano chikadali pachifuwa. Kenaka anatembenuka, n'kuponda phazi limodzi, n'kudzuka yekha. Anapukuta thukuta n'kuuza Nyembezi kuti abwerezenso.

Ulanda anaima pomwepo mpaka masewera anatha, manja ali kumbuyo. Pa ntchito zonse zimene manja akewo anagwirapo, yolemetsa inali imeneyi, yosiya mwana wake kuti agwe.