Yesaya ndi Maliro a ku Ulaya

Ku Maganga kunali nyumba imene khasu lake silinkachita dzimbiri. A Chisoni, mkulu wa mpingo, akangomva za maliro ankakhala oyamba kufika kumanda, ndipo akazi awo a Dailes ankathamangira kusiwa ndi mtolo wa nkhuni pamutu. Mwana wawo Yesaya anali wanzeru kusukulu. Mu 1951 anasankhidwa kukaphunzira mbiri ya dziko lapansi ku yunivesite ku Uganda, ndipo mudzi wonse unamuperekeza kusiteshoni ya Salima.

"Ukaphunzire za anthu akutali, koma usaiwale apafupi," anatero bambo ake.

Bambowo anamwalira iye ali komweko, anthu a m'mudzi n'kuwaika mwaulemu.

Yesaya anabwerako ndi digiri, magalasi ndi bokosi la mabuku, nakhala pakhomo kudikira ntchito. Ankadziwa mizinda imene inapsa pa nkhondo ya ku Ulaya ndi mamiliyoni amene anafa, koma mayina a anansi ake ndiye ankamuvuta. Anzake akale akabwera kudzacheza ankawayankha m'Chingerezi, mpaka anasiya kubwera. Anatsala ndi Pitala yekha, kalaliki wa kuboma wokonda botolo.

Tsiku lina m'mawa mayi ake anaima pakhomo.

"Yesaya, amuna a mnansi wathu Gladys atisiya. Khasu la bambo ako lili kuseri."

Pitala anaseka. "Achimwene, manja a digiri agwire khasu? Tiyeni ku Salima, kwapsa mowa wabwino."

"Amayi," anatero Yesaya, "ku Ulaya kunafa mamiliyoni, koma dziko silinaime. Munthu mmodzi wolima chinangwa n'chiyani?"

A Dailes anagwira pakamwa. "Mwana wanga, maliro n'kulirana. Wagonayo ndi amene anakumbira bambo ako."

Yesaya anakwera pakaliyala ya njinga ya Pitala, ulendo. Maliro ena atagwa anachitanso chimodzimodzi. Mwana wa mnansi atamwalira, bokosi linadutsa iye ali pakhonde ndi buku, osaimirira, osavula ngakhale chipewa. Anthu anaona koma sananene kanthu. Anthu akumudzi akakhala chete musamayese kuti aiwala.

Chilimwe chitafika pachimake, a Dailes anadwala, ndipo m'masiku ochepa anatsikira kulichete. Azimayi a m'mudzi anadzaza nyumba ndi kulira, pakuti malemuwo ankalira nawo. Yesaya anatuma munthu kwa Pitala, yankho n'kubwera loti ntchito yachuluka ku ofesi.

Dzuwa linakwera manda asanayambidwe. Yesaya atapita kukaona, anapeza amuna onse atakhala pamthunzi. Mkulu wa adzukulu, yemwe anali mlamu wa Gladys, anamupatsa khasu la bambo ake.

"Pepani, ophunzira. Munthu mmodzi wolima chinangwa n'chiyani? Kumbani."

Anakumba yekha. Nthaka inali gwa, ndipo matuza anaphulika dzenje lisanafike m'mawondo. Magalasi anagwera m'dothi. Anayang'ana kumthunzi kuja, koma panalibe amene anamuyang'ana. Mantha ndi manyazi zinamugwira, nagwada m'dzenjemo n'kulira ngati mwana.

"Ndinalakwa, akuluakulu. Awa ndi mayi anga. Ndilibe ena."

Patapita nthawi, mkulu uja anadzuka.

"Tuluka. Tikukumbira a Dailes, osati iwe."

Atawaika, aliyense analowera kwawo. Palibe amene anatsala kugona pasiwa monga mwa mwambo. Yesaya anakhala yekha m'nyumba ya makolo ake, manja atatupa, osatha ngakhale kutsegula buku.

Iwe mwana wasukulu, phunzira mpaka kumene ungafike, koma kunyada ndi tchimo, ndipo malipiro ake ndi kutsala wekha. Mabuku adzakuuza onse amene anafa ku Ulaya, koma tsiku la mayi ako palibe buku limene lidzanyamule khasu.