Chikho Chomaliza cha Tekna

Kwathu kuno kumapiri a Ayir kulibe wolondola mapazi a ngamila ngati mkulu wanga Tekna. N'za m'magazi, kwathu tonse tili choncho. Chilema chake n'chimodzi: safuna chinthu chimudutse osachifunsa.

Madzulo ena nthawi yokama, anapeza ngamila yake yoyera palibe. Kamwana kake ka masiku anayi kanali kulira pachingwe, kosayamwa chiyambire m'mawa.

"Dikira kuche," anatero mwamuna wake Aghali, akuthira tiyi. "Kudziwe usiku kuli eni ake."

"Inu imwani tiyi wanuyo, abambo. Tikadikira kuche, kameneka tikasenda chikopa."

Tekna anakwera bulu. Mapazi a ngamila analowa m'khwawa, n'kukwera mpaka kudziwe lija la pakati pa matanthwe, lomwe siliphwa ngakhale pachilala. Mwezi unali utatuluka. Ngamila inali tsidya, itagwada phee. Pamwala panakhala bambo wina, nsalu yophimba kumaso imene amuna akwathu amavala ataikulunga mwachikale. Madzi ali pamapazi pake penipeni, koma anatambasula dzanja.

"Mtendere, mayi. Ndimwetseni."

Mwambo wathu ngakhale mwana amaudziwa: waludzu sumufunsa dzina kufikira atanena yekha kuti ludzu latha. Tekna anatunga m'chikho chokamira. Bamboyo anakweza nsalu pang'ono n'kumwa. Kummero sikunamveke kanthu.

Chachiwiri. Chachitatu.

Tekna anaponya diso pamchenga. Mapazi a ngamila, a bulu, ake. Basi. Nsapato za bamboyo zinali zosokedwa mmene ankasokera makolo athu.

Chachisanu. Dziwe linali litatsika chikhatho chathunthu, thanthwe likuoneka mzere wonyowa. Mantha analipo, koma chidwi chinaposa. Chachisanu ndi chimodzi chinatha. Akupereka china, pakamwa panamuyabwa.

"Kodi bambo, ndinu a kwa yani? Nanga madzi onsewa akupita kuti?"

Zala za bamboyo zinali zitakhudza kale chikho. Zinabwerera.

"Chinatsala chimenechi," anatero motsitsa mawu, mosakwiya. "Ndikanapita kwathu."

Bulu analira kumbuyo. Tekna anacheuka. Pobweza maso, pamwala panalibe munthu.

Anafika nayo ngamila m'bandakucha, bere litafota ngati thumba lachikopa loiwalidwa padzuwa. Kamwana kanayamwa mphepo. Mkaka wa mbuzi kanaukana. Tsiku lachitatu anakasenda chikopa.

Akuluakulu amanong'ona kuti bambo uja ndi wapaulendo wa chaka cha chilala chachikulu, amene anafera pamwalapo madzi akuwaona. Ati ambiri anamumwetsapo, koma amafunsa pachachitatu pomwe. Kufika pachachisanu ndi chiwiri, ndi mkulu wanga yekha.

Chiyambire pamenepo, mwezi ukakhala wathunthu Tekna amakwera bulu, chikho m'manja, pakamwa atamanga nsalu ngati mwamuna. Sanamupezebe. Aghali amati ndi chisoni. Ine ndikumudziwa mwana wa mayi anga. Akufuna amumwetse chomaliza chija, ludzu lithe, kenako amufunse bwinobwino.